Madzi oyamba amatayidwa

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza kudzera mwa Mayi Jere, amene ankagulitsa madzi pa kiyosiki ya kwathu ku Chinsapo. Ndinali m'chaka chachiwiri cha maphunziro a uinjiniya, ndipo sukulu inkafuna kuti patchuthi aliyense akagwireko ntchito penapake. Anzanga anali ndi amalume m'maofesi. Ine ndinali ndi agogo anga okha, aNagama, amene anandilera makolo anga atamwalira ndili wamng'ono. Mayi Jere ndiwo anauza a Kamwendo, kapitawo wa kakampani kokonza mapaipi, kuti pali mtsikana wofatsa, dzina lake Tiyamike, amene akuphunzira zamadzi.

"Bola asaope matope," anatero a Kamwendo. Anandipatsa ovolosi yaikulu ndi magambuti, basi ntchito n'kuyamba.

Teremu imeneyo tinali titangomaliza Fuluwidi, phunziro la mmene madzi amayendera ndi mmene amakankhira. Ambiri linkawavuta, koma ine ndinkalikonda, mwina chifukwa ndinakula ndikumvetsera mpope. Madzi akasowa, agogo ankandituma kukaika khutu pa mpope wa pa kiyosiki. Ukayamba kutsokomola, ndiye kuti akubwera. M'kalasi ndinamva kuti chifuwa chimenecho ndi mpweya umene madzi akuukankha. Ndinaphunziranso china chimene chinandisowetsa mtendere. Paipi ikadzaza, pulesha, mphamvu yokankha ija, imakhala yambiri mkati, ndipo pobooka madzi amatuluka. Koma madzi akatha, pobooka pomwepo pamayamwa za kunja: madzi a m'ngalande ndi zonse zochokera m'zimbudzi zoyandikana.

Kuntchito ndinaziona ndi maso. Paipi ikaphulika, tinkatseka vavu ndi kiyi wautali wachitsulo, n'kukumba ndi piki ndi fosholo. Mbali yowonongeka tinkaidula ndi sowo, kuikapo ina, kumanga mabawuti ndi sipanala. Kenako tinkathiramo klorini wamphamvu ndi kutsegula vavu yakumunsi kuti madzi oyamba atayike, mpaka ayere. Gawo langa linali kuwerenga geji ya pulesha ndi kuyeza madzi m'kabotolo.

Tsiku lovuta linafika m'nyengo yotentha. Paipi yaikulu inaphulika kwathu komweko, pamene imadutsa pansi pa ngalande ya kumsika. Anthu anali atakhala masiku angapo opanda madzi. Pamene tinkamaliza kumanga masana, amayi anali atazungulira kale dzenje ndi ndowa ndi zigubu.

A Kamwendo anandiitana. "Tiya, uime pa vavu yotayira. Munthu asatunge ngakhale kapu. Ukawamvera chisoni lero, mawa tikayimba nyimbo za maliro."

Anapita kumtunda kukatsegula, ine n'kutsala ndekha. Madzi anatuluka mwamphamvu, ofiirira, akununkha klorini ndi matope, n'kumathamangira m'ngalande. Amayi anayamba kuyandikira.

"Injiniya wathu uja ndi ameneyu? Ovolosiyo wabwereka kwa abambo a ndani?"

"Asisi, madzi akupita m'ngalande. Ngalande ili ndi ana oti asambe?"

Ndinayesa kufotokoza za pulesha ndi kuyamwa kwa paipi, koma mawu anga ndi ochepa ngakhale pamalo pachete. Ndinangotambasula manja. Ndikutchingira mbali imodzi, ndinamva mawu amene ndimawadziwa kuposa ena onse.

"Tandipatsani njira, ameneyu ndi wanga."

Potembenuka, ndinapeza agogo atatchera kale ndowa yawo yobiriwira, ili pafupi kudzadza.

"Agogo, amenewa si akumwa."

"Akhazikika. Ndikasefa ndi nsalu."

"Zimene zili mmenemo sizitsala pansalu."

"Iwe Tiya, ndakulera ndi madzi otani?"

Maso onse anali pa ine. Ndinadziwa kuti ndowa imeneyo ikachoka ndi madzi, ndowa zonse zitunga, ndipo madziwo akafika m'makapu a ana. Ndinagwada, ndinagwira chogwirira, n'kupendeketsa ndowa ya agogo anga. Madzi anawanyowetsa mapazi. Sanakalipe. Anatola ndowayo, anaikwapatira m'khwapa, n'kudutsa pakati pa anthu osayang'ana aliyense.

A Kamwendo atabwera anati, "Wachita bwino." Madzi anayera madzulo, koma kiyosiki yathu ili pamalo okwera, ndipo pulesha sinakwane kuti afikeko tsiku limenelo. Zimenezi ndikanatha kuziwerengetsa papepala. Chimene sindinaganize n'chakuti munthu wobwezedwa ndi ndowa yopanda kanthu sapita kunyumba kukadikira.

Agogo anapita kuchitsime cha kudambo, kumunsi kwa zimbudzi. Makala owiritsira madzi kunalibe. M'chigubu munali madzi a pampope pang'ono otsala, ndipo amenewo anasungira ine. Nditafika anandipatsa kapu, ine n'kumwa. Iwo anamwa a kudambo. Zonsezi ndinazimva kwa Mayi Jere, agogo atayamba kale kutsekula m'mimba ndi kusanza.

Kuchipatala anawaika diripi. Ndinakhala pambali pa bedi ndikuyang'ana timadontho tikutsika. Nesi atafuna kuti madzi azilowa msanga, anakweza thumba la diripiyo m'mwamba pachitsulo chake. Limeneli linali phunziro lathu loyamba la Fuluwidi: madzi akakhala pamwamba, amakankha kwambiri pansi. Ndinkadziwa kuwerengetsa kwake konse, koma sikunandithandize kanthu.

Agogo anatsegula maso, n'kuyang'ana thumbalo, kenako ine.

"A injiniya, awa mwawayeza? Kapena muwatayanso?"

Ndinaseka, kenako ndinalephera kudzigwira. Anandigwira dzanja.

"Usalire. Ana a kwa Jere akanamwa aja. Ndinaona ndekha mtundu wake. Kungoti ludzu, mwanawe."

Anatuluka m'chipatala, koma mphamvu zawo zinatsala komweko. Sanasenzenso ndowa. Ndinabwerera kusukulu nditawasiya m'manja mwa Mayi Jere, ndipo anamwalira mvula itayamba, ndisanalembe mayeso. Pa tsiku lolandira digiri, pampando wa kholo panakhala Mayi Jere.

Lero ndine amene ndimalamula kuti vavu itsekedwe. Madzi oyamba timatayabe, ndipo sindilola munthu kutunga, akhale ndani. Pamenepo a Kamwendo sanalakwitse, ndipo buku la Fuluwidi silinaname. Koma tisanakumbe ndimayenda kaye m'deralo, kufunsa amayi a pa kiyosiki kuti madzi akasowa anthu amapita kuti, ndipo ndimakaona chitsimecho ndi maso anga. Sinditsegula vavu yotayira thanki ya madzi abwino isanafike pamalopo. Anyamata anga amadandaula kuti ndimachedwetsa ntchito. Sindiwafotokozera zambiri. Ndimangowauza kuti ukataya madzi a m'ndowa ya munthu, uyenera kukhala ndi ena oti umuthiriremo nthawi yomweyo.

Ndowa yobiriwira ija ndikadali nayo. Inang'ambika pansi, ndipo sisunganso madzi.