Thanki Yomaliza ya Bambo

Ndinadzuka tambala asanalire, khosi lili gwa chifukwa ndinagona chotsamira khoma la nyumba ya siwa. Amayi a ku tchalitchi amene anachezera kuimba anali atatopa, nyimbo ikungotuluka mwa apo ndi apo, ndipo udzudzu wa kudambo unali utatidya mokwana. Ndinatuluka panja kukayang'ana kumwamba. Kunalibe nyenyezi ndi imodzi yomwe. Mvula inali itagwa masiku asanu ndi limodzi n'kudzakata dzulo lake madzulo, koma cha ku Mozambiki kunkang'animabe.

Bambo anga anali mmisiri wa masepitiki thanki, ndipo ine, mwana wawo wamkazi woyamba, ndinagwira nawo ntchitoyi zaka zisanu ndi zinayi. Kwathu kuno kuchigwa madzi ali pafupi. Chimbudzi chokumba wamba chimadzaza mvula ikabwera, chimagumuka, zonyansa n'kulowa m'zitsime. Bambo ankaumba mathanki a simenti ndi waya pabwalo pathu, atatuatatu. Awiri oyamba ndi osungira zonyansa kuti ziwole. Yachitatu ndi yaitali ngati bwato, timathiramo miyala ndi mchenga kuti madzi asefeke asanapite ku nthochi. Tinaika mathanki amenewa m'makomo, m'mashopu ndi m'malo ogona alendo kuyambira ku Nchalo mpaka kwa Ndamera. Kumbali anthu ankawatchula kuti a Zimbudzi, ena osafuna n'komwe kuwapatsa dzanja, koma zikasefukira kwawo ankabwera okha pakhomo pathu.

Bambo ali kuchipatala sanandiuze za ng'ombe kapena za nyumba. Anandigwira dzanja nati, "Moyo wanga wonse ndaima m'maenje a madzi. Tsiku langa musadzandigoneke m'madzi." Ndinavomera, amayi ali pomwepo akumva.

Kutayera, adzukulu ananyamula makasu ndi mafosholo kupita kumanda. Kuseri kwa nyumba amayi a m'mudzi ankalimbana ndi nkhuni zonyowa, utsi uli tolotolo, maso a aliyense ali psu. Anthu anayamba kufika. Ena anaoloka dambo pa mabwato, ena anabwera pa kabaza matope ali m'mawondo, ndipo achibale a kwa Malemia anatsika pa lole ya mchenga akulira chapatali. Kunali kutentha kwa chinyontho kumene kumabwera mvula ikamakonzekanso.

Cha m'ma eyiti koloko mkulu wa adzukulu anabwerera yekha, matope mpaka pachifuwa. Analunjika pansi pa mtengo wa nimu pamene panakhala bambo aakulu, mkulu wawo wa bambo anga, amene ankayendetsa zonse za maliro. Ine ndinkadutsa ndi ndowa pamutu, ndipo ndinachepetsa mayendedwe dala. Ndinamva zonse. Madzi anatuluka dzenje litangofika m'chiuno. Akatunga ndi zidebe, madziwo ankabwerera. Anayesa kubaya ndi chitsulo malo ena, n'chimodzimodzi. Akuluakulu sanavutike kuganiza. Anati ayale bango pansi, bokosi likatsika amuna awiri alipanikize ndi mitengo kuti lisayandame, ena akwirire msanga. Anati ndi mmene timachitira nthawi ya dzinja.

Ndowa ija sindikumbuka pamene ndinaitula. Ndinangopezeka ndili kuseri kwa khola, pamene panali thanki yomaliza imene bambo anaumba, yaitali ija, yovundikira ndi malata. Inali ya malo ena ogona alendo ku Bangula. Bambo anali ndi lamulo lawo: thanki iliyonse isanachoke pakhomo ankaidzaza madzi, n'kulemba mzere ndi khala pamene madzi alekezera, n'kudikira masiku atatu. Madzi akatsika ngakhale pang'ono, thankiyo inkaphwanyidwa. Iyi anaidzaza tsiku limene anayamba kudwala, masabata atatu apitawo, ndipo panalibe amene anaikumbukiranso. Ndinakweza lata. Madzi anali pamzere penipeni. Ndinatenga tepi n'kuyeza mkati, chifukwa muyezo wa bokosi ndinakapereka ndine kwa kalipentala. Linkakwana, n'kutsala chikhatho mbali zonse. Ndinaimbira mwini malo uja, ndipo anangoti tengani.

Ndinakagwada patsogolo pa bambo aakulu, amuna onse akundiyang'ana. Iwo anali kalaliki ku kampani ya nzimbe asanapume, munthu wa malaya oyera, ndipo ntchito ya mng'ono wawo sanaikondepo. Ndinafotokoza pang'onopang'ono kuti tikhoza kupopa madzi m'manda ndi pampu yathu, kutsitsamo thanki, bokosi n'kugona mkati mouma.

Akapsa mtima amathawira ku Chisena. "Nkhabe!" anatero, kutanthauza kuti ayi. "Mng'ono wanga wasekedwa ali moyo, ndiye asekedwenso atafa? Anthu azidzaloza manda ake kuti uyu anamuika m'chimbudzi? Ndi pampu yanu yonunkha ija kumanda kwa makolo?"

Ndinayankha kuti thankiyo ndi yatsopano, sinaboolewe n'komwe mabowo a mapaipi. Anandikupiza ndi dzanja ngati nkhuku. Apa ndiye ndinalakwa, ndikuvomera, koma mtima unali utandikwera. Ndinawafunsa mokweza kuti chimbudzi cha kunyumba kwawo, chimene sichinasefukirepo chimangireni, anamanga ndani. Wina anandiuza kuti ndinyamuke ndipite kwa amayi anzanga. Sindinanyamuke. Koma ndinadziwa kuti ndawononga zonse ndi pakamwa pangapa.

Kenaka anthu anayamba kupatuka. Amayi anga anali atatuluka m'nyumba ya siwa. Namfedwa sachoka pambali pa mtembo, ndipo amayi awiri ankawakoka chitenje kuti abwerere, koma iwo anafika mpaka pa nimu paja n'kukhala pansi. Sanakweze mawu.

"Alamu, chaka cha madzi chija tinaika amayi anu, anapanikiza bokosi ndi mtengo ndani? Si inu? Mng'ono wanu anaima pambali panu, anamva madzi akulowa m'bokosi. Zaka zonsezi mvula ikagwa usiku ankadzuka n'kukhala pakhonde. Lero mtengowo augwire ndani? Mugwiranso inu?"

Nkhani imeneyi ine sindinkaidziwa. Bambo aakulu anayang'ana manja awo nthawi yaitali. Kenaka anaimirira, napita kuseri kwa khola, ine ndikutsata. Ndinawaonetsa mzere wa khala. Anaviika chala, nayang'ana madzi, nayang'ananso mzere. "M'thankimu mukalowa madzi ngakhale supuni imodzi, ukayankha ndiwe," anatero. Ndinati ndikayankha.

Nthawi inali itatha kale. Mwambo unayenera kuyamba wani koloko, ndipo mitambo ya ku Mozambiki ija inali itasendera. Pampu ndinaitsuka ndi kolorini kawiri, anthu akuona, kenaka ndinapopa madzi a m'thanki. Amayi a ku tchalitchi anapukuta mkati ndi zitenje zawo mpaka munauma, n'kuyalamo mkeka watsopano. Tinaimika mitengo itatu ndi tcheni buloko, unyolo umene timanyamulira zolemera, n'kukweza thanki pa ngolo pamodzi ndi masilabu ake atatu ovundikira. Ulendo wa kumanda ndi waufupi, koma ngolo inatitimira kawiri. Ng'ombe zinkagwada m'matope, amuna khumi ndi asanu akukankha, thukuta lili kamukamu.

Pakhomo la manda ndinaima. Mkazi salowa kumanda dzenje likukumbidwa, ndipo ndinali nditaphwanya kale miyambo yokwanira tsiku limodzi. Mkulu wa adzukulu anandiyang'ana, nayang'ana pampu imene panalibe wina wodziwa kuiliza. "Lowani, amisiri," anatero.

Dzenje linali dziwe, achule atayamba kale kusambiramo. Pampu inalira, madzi n'kuyamba kutsika. Adzukulu anakulitsa dzenje, ndipo cha kumiyendo ndinawauza kuti akumbe kabowo kozama pakona, kuti madzi azithawira m'menemo paipi n'kumawayamwa. Ndinawachenjeza chinthu chimodzi chimene bambo ankanena pa ntchito iliyonse. Thanki yopanda kanthu, ngakhale ilemere chotani, imayandama madzi akaizungulira. Ikapendekeka, madzi amalowera pamwamba. Choncho pampu sinayenera kuzima mpaka titavundikira ndi kukwirira.

Tinatsitsa thanki pang'onopang'ono, unyolo ukulira. Inakhala bwino. Adzukulu anayamba kuthira dothi m'mbali. Pamenepo tinamva nyimbo ikuchokera kumudzi, kusonyeza kuti bokosi lanyamuka, ndipo nthawi yomweyo pampu inakhosomola kawiri n'kuzima.

Mayo ine! Ndinakoka chingwe cholizira pampu, zii. Ndinakokanso, zii. Madzi anayamba kukwera m'mbali mwa thanki, ndikuwaona ndi maso angawa, chala chimodzi, zala ziwiri. Mbali ya kumutu inagwedezeka n'kudzuka pang'ono. Ndinakuwa kuti abweretse mitengo. Inali yomwe ija anadula m'mawa yoti apanikizire bokosi. Anaipingasa pamwamba pa thanki, amuna asanu ndi atatu n'kukhalapo, thanki n'kubwerera pansi. Ine ndinagona chafufumimba m'matope, n'kuzula paipi m'kabowo kaja. Sefa ya kunsonga inali itatsekeka ndi mizu ndi dongo. Ndinakokolola ndi zala mpaka chikhadabo chinang'ambika, ndinathira madzi m'pampu, ndinakoka chingwe. Inakana. Nyimbo inali itafika pakhomo la manda.

Anthu anatipeza choncho: amuna atakhala pa mitengo pamwamba pa manda, ine mwana wa malemu ndili matope thupi lonse, chitenje chakuda chitasanduka chofiirira. Oyimba anasiya nyimbo pakati. Sindinayang'ane bambo aakulu, koma ndinkadziwa kuti aima kumbuyo kwanga. Madzi anali atatsala chikhatho chimodzi kuti afike pamlomo wa thanki. Ndinapukuta pulagi ndi nsonga ya mpango wa kumutu, malo okhawo ouma amene ndinali nawo, n'kuibwezera. Mumtima ndinawakalipira bambo kuti pampu yanuyi mwaisiya ndi makani anu omwe. Ndinakoka ndi mphamvu zonse, ndipo inalira.

Madzi anaima, kenaka anayamba kutsika. Adzukulu anathira dothi m'mbali n'kupondaponda mpaka thanki inagwira, amuna aja n'kuchoka pa mitengo. Abusa anatsegula buku, koma mawu awo sankamveka chifukwa cha phokoso. Mkulu wina wa mpingo anabwera kudzandinong'oneza kuti ndizimitse kaye, pemphero lidutse mwaulemu. Ndisanayankhe, bambo aakulu anakweza dzanja. "Isiyeni ilire," anatero. Abusa anapemphera mofuula ngati ali pamsika.

Bokosi lisanatsike, bambo aakulu anavula nsapato ndi sokosi. Nkhalamba ya malaya oyera ija inatsikira m'thanki adzukulu ataigwira m'khwapa. Anagwada, nakweza mkeka, napapasa makona onse anayi ndi chikhatho. Atatuluka anayang'ana dzanja lawo, kenaka anakalionetsa kwa amayi anga. Linali louma.

Tinawatsitsa bambo ndi zingwe. Bokosi linakhala pa mkeka osamveka phokoso la madzi. Adzukulu anaika masilabu atatu aja, ndipo ine ndinakanda simenti n'kumata mipata yonse ndi mpeni womangira wa bambo, monga mmene anandiphunzitsira, osasiya pobisala nyerere. Tinayala pulasitiki wakuda pamwamba, dothi n'kuyamba kugwa. Mtumbira utakwera ndinazula paipi, adzukulu n'kutseka kabowo, ndipo ndinazimitsa pampu ndekha. Kutangoti zii, ndinalira kulira kumene ndinali ndisanalire chimwalirire bambo, mpaka amayi ena anachita kundinyamula.

Anthu sanachedwe pakhomo. Anasamba m'manja, anadya mofulumira, aliyense diso lili kumwamba, ndipo a mabwato ananyamuka oyamba kuopa dambo. Bambo aakulu pochoka anaima pamene ndinkatsuka pampu. Ndinaganiza kuti andikumbutsa za mwano wa m'mawa uja, ndipo ndinali wokonzeka kupepesa. Iwo anangoti "Takhuta," zikomo wa Chisena, n'kutambasula dzanja. Langa linali la girisi ndi matope, koma analigwira choncho.

Madzulo pakhomo panatsala ine, amayi ndi azakhali awiri amene anagona msanga. Moto wa kuseri unali utazima, mabenchi a ku tchalitchi ataunjikidwa pakhonde. Kuseri kwa khola kunatsala malo aatali a udzu woyera pamene panakhala thanki. Ine ndi amayi tinakhala pakhomo la nyumba, chala changa chitamangidwa kansanza. Mphepo inayamba, kenaka madontho akuluakulu pa malata, kenaka mvula yeniyeni ya kuchigwa, yosaona nayo ndi mtengo wa nimu womwe. Ndinadzidzimuka n'kuimirira, osadziwa kumene ndikufuna kuthamangira. Amayi anandikoka chitenje.

"Khala pansi," anatero. "Isiye igwe."