Zala za a Orest

Ndinawadziwa a Orest chaka chimene ndinayamba kukolopa m'chipinda choyezera kuwala, kuno ku Chernivtsi. Ustym wanga anali ndi miyezi isanu ndi itatu, bambo ake ali kunkhondo, ndipo ntchito ija ndiyo inkatidyetsa.

A Orest sanali dokotala wa sayansi. Anabwera kuchokera kumudzi ali mnyamata, nakhala zaka makumi atatu akukonza magalasi pa tebulo lachitsulo. Nkhomaliro yawo inali imodzimodzi, buledi wakuda ndi mafuta a nkhumba, koma akatha kudya ankasamba m'manja kawiri n'kuvala magolovesi. Ankanyadira chinthu chimodzi chokha: sanagwirepo galasi ndi chala.

Ankandiitana ndikaone. Kuwala kofiira kwa makina a laser ankakupota ngati chingwe, ndipo kukagwa pa pepala kunkaoneka ngati mphete, pakati pali kadzenje kakuda. Kenako ankayatsa kamota kozunguza galasi lokhakhala, lotuwa, loikidwa dala kuti lisokoneze kuwalako, monga mpweya umachitira panja. Kadzenje kaja kankazimirira.

"Kwaleka kupota?" ndinafunsa tsiku lina.

"Ayi, mwanawe, kwangobisala. Tijambula zithunzi zambirimbiri, kompyuta iziyerekeze, itionetse mizere yakuda yozungulira. Mizere itatu, ndiye kuti kwapota katatu. Werenga wekha, si unafika kusekondale iwe?"

Lamulo la mayi Zenoviya, akulu a chipindacho, linali loti wokolopa agwire pansi pokha. Amene ndinamulowa m'malo anachotsedwa atasuntha galasi limodzi. Koma Lolemba lina m'mawa, nditagona pang'ono chifukwa Ustym ankavutika ndi mano, ndinaona galasi lotuwa lija ngati lada. Ndinalipukuta ndi kansanza ka polishi. Linawala mbee! Ndinakondwa ndithu.

Masana mayi Zenoviya anayatsa makina. Galasi likuzungulira, koma kadzenje kakuda kali pomwepo pa pepala. Anazimitsa kamota, nasuzumira.

"Pali mafuta apa. Atseka tizibowo tonse, galasi lasalala. Ndani?"

Anatembenukira kwa ine. Ndinagwira mopu ndi manja awiri, mkaka n'kuyamba kudontha m'bulauzi. M'maganizo ndinkangoona Ustym ndi m'kabati mopanda kanthu.

A Orest analinunkhiza galasilo. Ndikudziwa kuti anamva fungo la mandimu la polishi, chifukwa anandiyang'ana kamodzi, mwachidule.

"Ndi nkhomaliro yanga iyi, mayi. Lachisanu ndinaligwira."

"Inu? Opanda magolovesi? Zaka zonsezi mwakhala mukutinyoza ife kuti tili ndi zala za ogulitsa soseji!"

"Ukalamba, mayi. Nkhumba yandibwezera."

Mayi Zenoviya anaseka mpaka kukhala pansi. A Orest anatsuka galasi ndi sipiriti, linatuwanso, kadzenje kanazimirira, ndipo madzulo kompyuta inaonetsa mizere itatu monga kale. Nkhani inafalikira nyumba yonse. Kuyambira pamenepo ankawatchula kuti a Zala Zonona, ndipo pa tsiku lawo lobadwa anawapatsa sopo atamukulunga ndi riboni. Iwo ankaseka nawo, koma makutu ankafiira.

Ndinayesa kuwathokoza pa masitepe. Anandidula.

"Chotuwa chilichonse si chakuda, Daryna. Mwana ali bwanji, mano atuluka?"

Anapuma ntchito chaka chatha, maso atayamba kuchita nkhungu, nabwerera kumudzi kwa mlongo wawo. Ine ndikadakolopabe chipinda chomwecho, ndipo ndimadzidzimukabe ndikamva mayi Zenoviya akutchula dzina langa. Atsopano sanawaonepo a Orest, komabe wina akaiwala magolovesi anzake amakuwa kuti, "Iwe, usachite za a Zala Zonona!" Ndimangoweramira chidebe. Ustym akuyankhula tsopano, ndipo ali ndi nsapato za m'nyengo yozizira. Akadzakula ndidzamuuza kuti zala zija zinali za ndani.