Malungo amene ndinalibe

Ine amene ndinkabangula pamisonkhano ya chipani ku Msakambewa kuti sindiopa munthu, lero ndinene zoona. Mwana wanga Naphiri ankalira ndi kuwawa kwa mafupa chibadwire, ndipo chaka china magazi anamuthera. Adokotala ofufuza matendawa anati, "Bambo, magazi anu ndi ofanana ndi ake. Tambasulani mkono."

Nditaona jakisoni wake, ndinabisa mkono kumbuyo. Ndinakuwa mpaka wodi yonse inamva: "Ndili ndi malungo ine, ndingaphe mwana!" Bodza lenileni.

Anatambasula mkono ndi mkamwini wanga, yemwe ndinkamutcha wamantha pagulu, koma magazi ake sanagwirizane.

Titaika maliro a Naphiri, mkamwiniyo anandigwadira mwaulemu nati, "Bambo, malungo aja ali bwanji?"

Ndinakhosomola, n'kuyankha kuti, "Pang'onopang'ono."