Tsiku Limene Tinaika Zelipa

Ndinadzuka tambala asanalire. Amayi amene anachezera kuimba anali atagona pakhonde, atadzikulunga m'mabulangete, pakuti kunali chisanu cha Julaye. Ndinakoleza moto, ndinatereka madzi osambitsira Zelipa, mwana wa mlongo wanga. Inamutenga ndi nthomba asanayambe n'komwe sukulu.

Osambitsa maliro anasowa. Amayi a mumpingo mwathu anaopa matuza aja. Amene anadzipereka anali amayi awiri ochokera kufupi ndi Chalimbana. Atapinda manja a madiresi, ndinaona zipsera za katemera pamikono yawo.

Kwathu katemerayo anamukana. Wotemera atabwera chaka chapitacho, amuna anachita msonkhano. Abusa anati pemphero ndi lokwanira, ena anati boma la atsamunda la Chitaganya likufuna kutseka mimba zathu. Mlongo wanga, bambo wake wa Zelipa, anavomereza nawo. Akazife sanatifunse. Nthomba itafika, manda a ana anachuluka kwathu. Kwa amayi aja sanaike mwana ndi mmodzi yemwe.

Dzuwa litakwera, anthu anayamba kufika, ena pansi, ena pangolo. Kuseri kwa nkhokwe nyemba zinali pamoto, koma ofuna kudya anali ochepa. Ambiri anakhala patali ndi nyumba ya maliro. Bokosi analikhoma ndi matabwa a chitseko, ndipo linapepuka kwambiri. Popita kumanda mphepo inatithira fumbi m'maso.

Atakwirira, abusa anati Mulungu ndiye wafuna. Mkazi salankhula pamanda, koma ine ndinaimirira.

"Abusa, naine nipemphera. Koma kodi Mulungu wa ku Chalimbana ni wina? Mawa nipeleka ana anga kumishoni akatemeledwe. Wofuna anitsate."

Wina anandikoka chitenje kuti ndikhale pansi. Abusa anayambitsa nyimbo, koma oyankha anali ochepa.

Madzulo anthu anabalalika. Moto unazima, pabwalo panatsala mikeka yokha. M'nyumba mlamu wanga, mayi wake wa Zelipa, anagona atayang'ana kukhoma. Mlongo wanga anabwera, nakhala pamtondo pafupi nane.

"Munyamuka nthawi yanji, alongo?"

"Mbandakucha."

"Mutenge na anga awiri otsalawa." Anapukuta kumaso ndi chipewa. "Wamng'onoyo sangayende mtunda wonse uja. Nizamubeleka ine."