Nkhuni za Kumanda ndi Chingerezi cha Nester

Inu amene mukuti zanu zada, takhalani pansi ndikuuzeni za Nester wa ku Ndunde.

Mu Januwale 2002, chaka cha njala ija, Nester anapezeka akutola nkhuni kumanda. Mwamuna wake anali atamwalira. Mwana wake mmodzi yekhayo, Eluby, anali gone ndi malungo, ndipo m'nyumba munali timadeya ta phala limodzi koma nkhuni munalibe. Mitengo inali itatsala kumanda kokha, ndipo ndani sadziwa kuti nkhuni za kumeneko saphikira? Nester analowako masanasana, natola nthambi youma imene inagwera pamanda a mayi ake.

Dzuwa lisanalowe, mudzi wonse unali utagamula kuti Nester ndi mfiti. Pakamwa pa anthu, inu!

Pachitsime ankamulambalala. Angella, woyandikana naye nyumba, analeka kudzapala moto pakhomo pake. Kenako anabwera achimwene ake a Nester, a Timoti, eni mbumba, namutenga Eluby kupita naye ku Namitambo.

"Achimwene, mwanayo ndi wanga," analira Nester.

"Ndi wako ndithu," anatero a Timoti, "koma sangakulire pakhomo loti anthu akulithawa. Tsiku limene adzayambirenso kupala moto pano, ndidzabwera naye ndekha."

Ndisakubisireni, Nester analakalaka kufa.

Njala itachepa, mlangizi wina anabwera kudzaphunzitsa amayi kuumba mbaula zadothi zosatha nkhuni. Nester ankakhala kumapeto, payekha. Mbaula zake zisanu ndi ziwiri zoyamba zinasweka mu ng'anjo. Anasintha dothi, nayambiranso, mpaka zinayamba kutuluka zolimba. Koma angagule ndani mbaula ya mfiti? Zinangounjikana pakhonde.

Mlangizi uja ndiye anabweretsa uthenga. Kampani ina ya tiyi ku Thyolo inkafuna zophikira za antchito ake, amene ankamaliza bulugamu wa kampaniyo. Bwana wake anali mlendo wosamva Chinyanja, ndipo ankafuna kumva kuchokera pakamwa pa wogulitsa mwini wake, pa Boma. Nester sukulu analekezera Sitandade 5.

Anapita kwa a Mikaele, mphunzitsi wopuma amene kachasu anawathera anzawo onse.

"Ine mfiti sindiopa, ndimaopa ludzu," anaseka a Mikaele. Pa pepala la thumba la simenti anamulembera mizere ya Chingerezi: moni, dzina lake, nkhuni zimene mbaula imadya, zaka zimene imakhala, ndi chifukwa chake iposa parafini ndi makala. "Chingerezi cha malonda sichifuna zokometsera, mwanawe. Unene chimene chinthucho chimachita, kenako ukhale chete."

Poti panalibe womuyankhula, Nester ankayeserera yekha kumtapo kumene ankakumba dothi. Ankapatsa moni chulu, chulucho nkuchifotokozera kuti parafini ngogula tsiku ndi tsiku, makala akumeta phiri, koma mitengo ya nandolo imamera m'munda chaka ndi chaka. Amayi opita kudimba anamumva.

"Mwamva? Tsopano akucheza ndi mizimu m'chiyankhulo chawo!"

Tsiku lina atabwerako anapeza mbaula zisanu ataziphwanya ndi miyala. Analira, nasesa mapale, m'mawa mwake nabwerera kuchulu kuja.

Pa Boma woyamba kuyankhula anali bambo wa suti wogulitsa mbaula za parafini, Chingerezi chikungotsetsereka. Itafika nthawi ya Nester, mizere iwiri inamuthawa. Anangogwada, nayatsa mbaula yake ndi timitengo titatu ta nandolo. Madzi atawira mawu anabwerera, ndipo ananena zonse zija ankauza chulu.

Bwana uja anafunsa funso limene pa pepala panalibe: "Iwe za kutha kwa nkhuni unazidziwa bwanji?"

Nester analimva funsolo. Akanatha kunama. Koma anatolatola timawu take ta Chingerezi, tothyokathyoka, nati: "Kwathu mitengo inatha. Ndinatenga nkhuni pamanda a mayi anga kuti mwana wanga adye. Mwanayo anandilanda."

Bwanayo anaitanitsa mbaula mazana atatu.

Musaganize kuti kumudzi kunali nthungululu. Lole itabwera kudzanyamula mbaula zoyamba, anthu anati wakhwimira malonda. Pakhomo pake panakhalabe poti see, ndipo Eluby sanabwere.

Mu Juni 2003 kunagwa chiperoni cha sabata yathunthu. Mapesi ndi zitsononkho zonse zinanyowa, moto unazima nyumba ndi nyumba. Utsi unkatuluka kwa Nester kokha, poti mbaula yake inkakhuta ndi timitengo towerengeka ndipo inkasunga makala mpaka m'mawa.

Tsiku lachisanu anamva odi. Anali Angella, phale lili m'manja, maso ali pansi, ana ake osadya chotentha masiku awiri.

"Achemwali, tipale nawo moto."

Nester sanamukumbutse kanthu. Anamuikira makala, namuwonjezera mbaula imodzi. Pofika madzulo anali atabwera amayi ena anayi.

A Timoti anasunga mawu awo. Koma Eluby atafika sanathamangire mayi ake ayi. Anaima kumapeto kwa bwalo, poti naye anali atamva zambiri. Nester anaotcha mbatata, naisenda, natambasula dzanja. Mwanayo anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayandikira, nailandira, nadya. Apa mpamene Nester analira mokweza, kulira kumene anakusunga chaka ndi theka.

Inu amene anthu akusalani, amene mukuphunzira chinthu nokhanokha ena akukusekani, musaleke. Sungani moto wanu ngakhale palibe wodzapala, chifukwa tsiku lake lilipo. Osataya mtima.