Thabwa Lomwe Ndinalikana

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene pakamwa panga panandilowetsa m'nyanja yozizira ya ku Wales. Munali mu 2004, patangotha miyezi ingapo chichokereni ku Lilongwe kudzakhala ndi amayi ku Tipton, tauni ya kwa Angerezi. Amayi anali namwino pachipatala china cha boma, ndipo anali atakhala kuno okha zaka ziwiri, ine ndikuleredwa ndi azakhali ku Kawale. Titakumananso tinali ngati alendo awiri ogona nyumba imodzi. Iwo ankabwera ku shifiti atatopa, n'kuvula nsapato pakhomo, n'kufunsa za homuweki. Ine ndinkayankha mawu awiri m'Chingerezi, n'kukwera kuchipinda kukayang'ana abakha m'ngalande ya madzi akuda yomwe inkadutsa kuseri kwa nyumba.

Kusukulu anzanga ankandifunsa mafunso otopetsa: kodi kwanu mikango imafika pakhomo, kodi munkavala nsapato. Tsiku lina Gemma, mtsikana yemwe ndinkakhala naye desiki imodzi ndipo ndinkafunitsitsa kuti akhale mnzanga, anabweretsa magazini ya mchimwene wake. Munali zithunzi za anyamata ataimirira pa timatabwa, akutsetsereka pa mafunde aatali kuposa nyumba. Sindidziwa chomwe chinandigwira. Ndinangoti, "Zimenezi kwathu tinkachita Loweruka lililonse." Pofika nthawi ya nkhomaliro kalasi yonse inali itamva. Panalibe yemwe ankadziwa kuti Malawi alibe nyanja yamchere, ndiponso kuti kusambira kwenikweniko ndinali nditangophunzira padziwe la sukulu chaka chomwecho.

Sukulu itatsala pang'ono kutsekera, amayi ake a Gemma anakumana ndi amayi anga pageti. Anati chaka chilichonse mu Ogasiti amapita ku Wales kukagona m'kalavani, kanyumba ka matayala, pafupi ndi nyanja, ndipo angakondwe titapita nawo masiku atatu, popeza mwana wawo sakuleka kukamba za luso langa la pamafunde. Amayi anangomwetulira n'kuthokoza. Titafika kunyumba anaika ketulo pamoto, osandiyang'ana n'komwe.

"Tadala, ndamva kuti ku Kawale kunabwera mafunde masiku ano."

Ndinangozyolika, n'kumadikira kukalipiridwa. Koma iwo anangoti, "Chabwino. Ndipempha livi. Tikamupezere thabwa katswiri wathuyu."

Kuwodi kwawo kuchipatala kunali namwino mnzawo, a Sue, omwe amuna awo, a Derek, ankagwira ntchito kufakitale ya magalimoto ku Solihull. Ali mnyamata, a Derek ankakonda masewera a pamafunde, ndipo matabwa awo anali adakali m'galaja. Tinapitako Lamlungu tikuchokera kutchalitchi, ine ndili mu diresi ndi masokosi oyera. M'galajamo munkanunkha oyilo ndi phula lomwe amapaka pa matabwawo kuti phazi lisaterereke, phula la fungo la kokonati. Pakhoma panapachikidwa matabwa awiri. Lina linali lalifupi, loyera, losongoka kutsogolo, la mizere yofiira, ndendende la m'magazini muja. Linalo linali lalitali kuposa galimoto ya amayi, lotakata, la mphuno yobulungira, lachikasu chifukwa cha ukalamba, ndi zigamba zofiirira apa ndi apo.

Ndinaloza lalifupi.

A Derek anakanda ndevu. "Mukupita mu Ogasiti, eti? Nyengo imeneyo nyanja imakhala yaulesi. Mafunde ake ofika m'mawondo, akakula ndiye m'chiuno. Funde laling'ono lilibe mphamvu yonyamula kathabwa aka, kamangomira nawe." Anatsitsa lalitali lija n'kuliika pa mipando iwiri. Anandigwiritsa m'mphepete kuti ndimve kukhuthala kwake, anandionetsa mimba yake yophwatalala ndi chipsepse chimodzi chachikulu kumchira. "Kutalika ndi kutakata kumeneku n'komwe kumakuyandamitsa. Ukapalasa kawiri katatu, lanyamuka, ngakhale funde litakhala laling'ono bwanji. Mphuno yotakatayi siimira msanga. Mafunde a chilimwe amafuna limeneli."

"Tadala, munthu wamkulu akukuuza," anatero amayi m'Chichewa, motsitsa mawu.

Ine ndinayankha m'Chingerezi, mokweza, kuti a Derek amve. Ndinati matabwa ataliatali ndi a anthu ongophunzira kumene, ine ndinazolowera aafupi. Mumtima ndinkangoona nkhope ya Gemma akandiona ndikukoka chithabwa cha zigamba chonga chitseko cha tchalitchi. A Derek anayang'ana amayi, amayi anayang'ana kudenga. Kenaka bamboyo anamangirira matabwa onse awiri pamwamba pa galimoto yathu, n'kunena kuti lalikululo likhale la amayi. Amayi anaseka. Iwo ndi a ku Dedza, munthu wa kumapiri, woti ngakhale mtsinje wofika m'akakolo ankawoloka atagwira dzanja la wina.

Ulendo unali wa maola atatu, zingwe zikulira ndi mphepo pamwamba pa galimoto, nkhosa zili mbuu m'mapiri. Titafika, nyanja inali monga ananenera a Derek. Mafunde ankabwera mwaulemu, limodzilimodzi, n'kudzagona pamchenga. Ndinavala suti ya rabara yobwereka, yothina m'khosi, n'kulowa ndi kathabwa kanga m'khwapa, Gemma akubwera pambuyo.

Madziwo anali ozizira moti mano ankaguguda. Nditagona pa kathabwako, kanapendekeka n'kundigwetsa. Ndinakweranso, mchira wake unamira. Funde likabwera ndinkapalasa ndi mphamvu zanga zonse, koma linkangondidutsa pansi n'kupita, ine n'kutsala pomwepo. Kamodzi kokha linandinyamula, mphuno yosongoka ija inalowa m'madzi, ndipo ndinagubuduka, mchere uli tho m'mphuno, mchenga m'makutu. Ndinayesa mpaka milomo inachita bii. Gemma anali chiimire m'madzi, manja m'khwapa.

"Mwina mafunde a kuno ndi osiyana ndi a kwanu," anatero.

Akanandiseka bwenzi zili bwino. Chifundo chakecho n'chomwe chinandipweteka.

M'mawa mwake ndinati m'mimba mukundiwawa. Ndinakhala pamchenga nditafunda thaulo, ndikuganiza zopempha amayi kuti andisamutse sukulu. Ndipamene ndinawaona akutsika kuchokera kukalavani, atavala suti ya rabara ya amayi ake a Gemma, chitenje chili m'chiuno pamwamba pake, akukoka chithabwa chija mchira uli pansi. Anthu ankacheuka. Ndinafuna nthaka indimeze. Atafika m'mphepete mwa madzi anamasula chitenje, n'kuchipinda bwinobwino ngati akuchiika m'sutikesi, n'kulowa pang'onopang'ono mpaka madzi anafika m'chiuno.

Koyamba anagwa asanakwere n'komwe. Kachiwiri thabwa linawagunda paphewa. Kachitatu anagona chafufumimba, atagwira m'mphepete zolimba, ndipo kafunde kena kosaoneka n'komwe kanadza kumbuyo. Chithabwa chija chinangonyamuka, myaa, molunjika kumtunda.

"Mayo ine! Mayo ine!"

Anafika mpaka pamchenga, thabwa n'kuima lokha. Anakhala tsonga m'madzi ofika m'akakolo, tsitsi lili nyowe, n'kuyamba kuseka. Kunali kuseka kwa pansi pa mimba, kotulutsa misozi, komwe ndinali nditaiwala kuti amayi anga ali nako. Ana achingerezi omwe ankakumba mchenga pafupi anawaombera m'manja.

"Tadala! M'mimbamo mwaleka? Bwera kuno, ndikugwirira."

Ndinapita. Nditagona pa thabwalo ndinadabwa: silinagwedezeke, linandilandira ngati mphasa. Amayi anaima kumbuyo atagwira mchira, akuyang'ana kunyanja. "Ilo likubwera. Palasa, palasa!" Anandikankha, ndipo ndinamva funde likundinyamula, madzi akulira pansi pa chifuwa changa. Madzulo a tsiku limenelo ndinkatha kugwada pa thabwalo. Tsiku lachitatu ndinaimirira kwa kanthawi kongokwanira kuwerenga mpaka faifi, ndisanagwere chagada.

Nditatuluka ndinapita kwa Gemma. Ndinamuuza kuti kwathu kulibe mafunde otere, ndipo thabwa ndinali ndisanaligwirepo chibadwire.

"Ndikudziwa," anatero. "Mchimwene wanga anayang'ana pa mapu tisananyamuke. Tsopano undibwereka lalikululo kapena ayi?"

Tinatha tsiku lonselo tikusinthana, amayi akutikankha tonse awiri mpaka manja awo anachita dzanzi. Kathabwa koyera kaja kanatsala pansi pa kalavani mpaka tsiku lobwerera.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti phunziro la ulendo umenewo linali la a Derek: kuti munthu asankhe chida poyang'ana madzi omwe ali nawo, osati omwe anawaona pa chithunzi. Limenelo ndi loona, ndipo landithandiza posankha maphunziro, ntchito ndi zina zambiri. Koma nditakula, ndili ndi mwana wangawanga, ndinawafunsa amayi chomwe chinawalowetsa m'nyanja tsiku lija, iwo oopa madzi chotero.

Anayamba aseka kaye. Kenaka anati, "Mantha ndinali nawo, mwana wanga. Koma ndinakuona pamchenga paja. Ndinadziwa kuti ukapanda kuona munthu wina akugwa pamaso pa anthu n'kudzuka, iwe sudzalowanso m'madzi, ndipo Gemma sudzamuyang'ananso m'maso. Kukukalipira kukanakhala kosavuta. Koma ndinali nditakusiya zaka ziwiri. Sindinkafuna kuti chinthu choyamba chachikulu pakati pathu chikhale ndewu."

Tsopano ndikudziwa kuti pali makolo olanga ndi mawu, ndipo pali ena omwe amavula ulemu wawo pagulu kuti mwana asachite manyazi yekha. Mwana wanga akalakwa n'kuchita manyazi, ndimayamba ndadzifunsa ngati ndili wokonzeka kunyowa nawo.