Chigoba chimene bambo anaika pambali

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene diso lakumanja la bambo linafa. Anali mlonda wa minda pa esiteti ina ku Kasungu, ndipo ntchito yawo yeniyeni inali kupha nguluwe zimene zinkatha chimanga. Mfuti inali ya abwana, yochita kupangitsa kunja. Zipolopolo zake sizinkapezeka m'sitolo, choncho bambo ankatola zigoba zamkuwa zotsala akawombera, n'kuzidzazanso wonga m'kashedi kuseri kwa ofesi. Munkanunkha oyilo ndi fodya wouma. Ine ndinkakwecha zigobazo ndi phulusa ndi ndimu mpaka ziwale.

Chigoba chilichonse ankachipisa kawaya kopinda kunsonga, akumvetsera ndi zala. Kawayako kakakodwa pafupi ndi tsinde, ankangoti, "Ichi chatopa," n'kuchiphwanya ndi nyundo. Ankati mkuwa umanka nupyapyala mkati nthawi iliyonse mfuti ikalira, koma kunja suonetsa.

Tsiku lina anaitanidwa ku ofesi asanaphwanye chimodzi chimene anaika pambali. Chinali chowala kuposa zonse, ndipo ndinali nditachikwecha mpaka zala kuwawa. Ndinachitembenuza, osaona chilema. Ndinachibwezera m'chitini cha zabwino.

Patatha masabata awiri, anthu anabwera nawo bambo pa thirakitala, nkhope itakulungidwa ndi malaya awo omwe. Chigoba chinang'ambikira m'mfuti, moto n'kubwerera kumaso. Ntchito inathera pomwepo, ndipo mvula isanagwe tinachoka pa esiteti. Sindinauze munthu. Ndinakula ndikukhala kumanja kwawo pakudya, kumene sankandiona.

Mliri wa korona unandipeza kunja, kutsidya kwa nyanja ku Al Mankhool, ndikulera ana a eni m'nyumba yosanja, osaloledwa ngakhale kutsika kukagula buledi. Ndege zinali zitaima. Mng'ono wanga analemba kuti bambo akubanika, akukana chakudya. Masana ena madamu atagona ndi ana, ndinadzitsekera m'kachipinda kochapira n'kuimbira bambo foni. Ndinawauza zonse, msana nditatsamira makina ochapira amene ankanjenjemera.

Ndinkangomva mpweya wawo ukukoka.

"Ndinadziwa, Estere," anatero. "Ndili m'chipatala muja ndinakumbukira kuti chimodzi sindinachiphwanye, ndipo pambali paja sindinachipezeponso."

"Ndiye ndine ndinakuphani diso, bambo."

"Dikira, sunamve zonse. Abwana ankafuna chipolopolo chofika patali. M'buku lawo munali malire a wonga, ine ndinapyola. Zigoba zinayamba kukanirira potuluka, mfuti ikundichenjeza, koma ndinkaopa kuwauza kuti ayi. Ngakhale chigoba chatsopano chikanang'ambika tsiku lina. Chako chija chinangofulumiza."

Ndinawafunsa chifukwa chimene sanandiuzire zaka zonsezi.

"Manyazi, mwana wanga. Komanso ndinkaganiza kuti unaiwala. Unali mwana."

Mwana wa madamu anadzuka n'kuyamba kumenya chitseko akundiitana. Ndinati ndiimbanso mawa. Mawa lakelo sankathanso kulankhula, ndipo anamwalira Lachisanu. Maliro ndinawaonera pa foni nditaitsamiritsa pa botolo la sitachi, anthu ochepa atatalikirana, zithunzi zikuduka-duka.

Kwa zaka makumi awiri ndinkaganiza kuti phunziro la tsiku lija linali lakuti chimene wodziwa ntchito wakana usachibwezere chifukwa choti n'chokongola. Zimenezo n'zoona, ndipo ndinaziphunzira mowawa. Koma tsopano chimene chimandipweteka si diso ayi. Diso bambo analizolowera, ankalima, ankakwera njinga. Chimene sitinachizolowere n'chakuti tinakhala nyumba imodzi, aliyense atasenza gawo lake la ngozi ija ngati kuti yonse ndi yake, ndipo palibe amene anayamba kutsegula pakamwa. Zikanatheka kukambidwa pakhonde, ine ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri. Tinadzazikamba mphindi zisanu, pa foni, iwo akusowa mpweya.